Amene Anagulitsa Mfundo ya Akazi

1

Dzina langa ndine Salome, koma mukafika pa msika wa Kabushi kuno ku Ndola mufunse Bana Damaris, ndiye kuti amake a Damaris, wogulitsa tinsomba ta kapenta. Sukulu ndinalekezera Sabu B, ndiye musayembekezere mawu okometsera. Nkhani ndikuuzaniyi imandinunkhira ngati thumba la nsomba lonyowa ndi mvula. Mukamaliza kuwerenga mulavule ngati mukufuna. Ine ndinalavula kale.

Mwamuna wanga Nicodemus anagwira ntchito pansi mu mgodi ku Kitwe zaka eyitini. Chifuwa cha fumbi chitamutenga, anatipatsa mwezi umodzi wolira. Mweziwo utatha lole inaima pakhomo, katundu yense panja, aneba akuwerenga mapoto anga ndi maso. Mwana wanga Damaris anali ndi zaka naini. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti palibe munthu adzanditulutsenso m'nyumba ndili moyo.

Ndinamuphunzitsa ndi kapenta mpaka anakhala namwino pa kiliniki ya boma. Chaka cha ufulu anamupatsa nyumba kuseri kwa kiliniki: zipinda ziwiri, babu la magetsi, mpopi mkati, chimbudzi chamadzi mkati momwemo. Sabata yoyamba ndinkatsegula mpopi kungofuna kumva kulira kwake.

Koma panali lamulo limene azungu anaiwala kunyamula popita kwawo. Mkazi wa m'boma akakwatiwa, ntchito yake yokhazikika inkatha, nyumba ankalanda, penshoni inkafera pomwepo. Akatenga mimba asanakwatiwe, ankangomuonetsa chitseko. Mwamuna ayi. Mwamuna ankatha kukwatira atatu nyumba ili yake.

Akazi a pa kiliniki ankalira nalo lamulo limeneli. Ine sindinkalira nalo. Musaiwale zimenezi.

2

Kenaka kunabwera Reuben. Anali kalaliki pa kiliniki yomweyo, Mngoni wa ku Fort Jameson, kolala yoyera, mawu ochepa, wa tchalitchi chathu cha Katolika. Sindingamunamizire, analibe chilema. Ankamwa tiyi basi.

Anatumiza amalume ake kudzafunsira. Ndinatchula bulangete ndi mapaundi faifi. Anabweretsa. Ndinati ndinaiwala suti ya mlongo wanga wa ku Katete. Anabweretsa. Ulendo wachitatu ndinati makina osokera, a mwendo, osati a pamanja.

Mkulu uja anavula chipewa n'kuchiyang'ana mkati.

"Amayi, kodi tikufunsira mwana kapena tikugula basi?"

"Basi imabaya jekeseni?" ndinamufunsa. "Mukapeza makina mubwere. Mukapanda kupeza, atsikana ali mbwee ku Kawama, ena ndi aulere."

Zinatenga zaka ziwiri zikuyenda choncho. Lamlungu lina tikuchokera ku Misa, Damaris anandiimitsa pakhomo.

"Amama, mukuchita dala."

"Ndikuchita dala, eya. Ukakwatiwa ntchito yatha, nyumba yapita. Tidzadya kolala ya Reuben?"

"Ndi chimene yuniyoni ikumenyera. Mfundo yachinayi pa zimene tikupempha boma. Ikadutsa ndikwatiwa, ntchito ikhala yanga, nyumba ikhala yanga. Reuben adzabwera kudzakhala muno."

"Muno? Nanga ine?"

"Inu mukhala mmene mukhalira. Chipinda chanu ndi chanu."

"Iwe, mutu wako ukuyenda? Ine ndizikumana ndi mkamwini pakhomo m'mawa nditamanga kansalu pachifuwa? Ndizikhala pa chimbudzi chimodzi ndi mkamwini, iye akumva ndikukoka tcheni?"

Anaseka mpaka kugwira khoma.

"Zimenezo ndi zakumudzi, amama. Tili mu Zambia manje."

Ine sindinaseke. Kwathu mpongozi ndi mkamwini sadyera pamodzi, sadutsana pakhomo, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Zambia kapena ayi, ndinkadziwa kuti tsiku limene sutukesi ya Reuben idzalowe pakhomo lakumaso, thumba langa lidzatulukira lakumbuyo. Palibe akanandithamangitsa. Manyazi okha akanandinyamula.

3

Chaka cha 1966 mkuwa unali ndi mtengo, a mu migodi anawakwezera malipiro, akazi awo ankabwera pa msika osafunsa n'komwe kuti mbale ndi zingati. A m'boma anapsa mtima. Anati nafenso ndife anthu, ufulu suli wa pansi pa nthaka pokha.

Analemba mfundo zinayi. Yoyamba, malipiro akwere. Yachiwiri, mamesenjala ndi onse oyenda panja apatsidwe renikoti ndi jombo. Yachitatu, ndalama ya njinga. Yachinayi, mkazi wokwatiwa asachotsedwe ntchito, asalandidwe nyumba, ndipo azipatsidwa tchuthi chokachira.

Amene anayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa anthu anali akazi. Damaris ndi mnzake Josephine, namwino wamkulu amene anali atadikira ukwati zaka sikisi, ankaweruka foro koloko n'kuyenda wapansi mpaka Kawama ndi mapepala. Nsapato za mwana wanga zinatha zidendene. Amuna ankangobwera kudzawomba m'manja.

Anasankha anthu faifi okakambirana ndi boma ku Lusaka. Onse amuna. Anati mkazi sangagone panjira. Reuben analimo. Wapampando anali ba Festus, mkulu wa mamesenjala, munthu wa mimba ngati diramu, woseka asanamalize nkhani yake.

Kutatsala masiku awiri kuti anyamuke, ba Festus anaima pa benchi yanga.

"Mwapoleni, Bana Damaris! Lero sindinabwerere kapenta, ndabwerera nzeru. Amati mu Ndola yense palibe anakugonjetsani pa mtengo. Ndiphunzitseni, ndikukakumana ndi anthu a mataye."

Ndinamva kukoma, sindikana.

"Mukaika mulu," ndinati, "muziikamo chimodzi chimene mwakonzeka kutaya. Muchigwire zolimba, mukuwe, mulumbire. Wogula akatopa, muchisiye ngati chikukupwetekani. Iye apita akuganiza kuti wakudyani, pamene inu mwatenga zimene munabwerera."

"Awe shuwa, ndinu loya!" anatero akumenya ntchafu.

Kenaka anandifunsa funso lina, ine n'kumuyankha. Funsolo ndi yankho lake mumva nthawi yake. Musandithamangitse.

4

Anabwerako Lachisanu. Loweruka masana holo inadzaza mpaka m'mawindo. Ine ndinatseka benchi n'kukaima kumbuyo.

Ba Festus anakwera pa tebulo.

"Abale, tamenya nkhondo! Malipiro akwera!"

Phokoso.

"Renikoti ndi jombo, mwezi wamawa!"

Mamesenjala anaponya zipewa m'mwamba.

"Ndalama ya njinga, tapata!"

Anayamba kuimba, ena kuvina. Josephine anakwera pa benchi n'kukuwa mpaka nyimbo inaduka.

"Ba Cheyamani! Mwawerenga zitatu. Ife tinakutumani zinayi."

"Amayi, imeneyo tidzaionanso m'tsogolo. Tasaina za zaka ziwiri. Munthu sapata zonse tsiku limodzi."

"Ndani anaichotsa? Tchulani dzina!"

"Za m'komiti sizituluka panja. Tinalumbira tonse. Chimene komiti yagwirizana ndi cha onse faifi."

Mesenjala wina anakuwa kuti, "Mukwatiwe ndi ife, tili ndi njinga manje!" Amuna anaseka. Ndinayang'ana Damaris. Sankayang'ana ba Festus. Ankayang'ana Reuben, amene anakhala kumapeto kwa tebulo mutu uli pansi ngati wakuba nkhuku.

Titafika kunyumba Damaris anakhala pabedi osavula nsapato.

"Bwanji sanalankhule, amama? Bwanji sanaime n'kunena kuti iye anakana?"

Apa ndi pamene ndinatsegula kamwa yangayi.

"Ukufunsa ine? Mwamuna ndani amafuna mkazi wokhala ndi nyumba yakeyake? Amafuna ukalowe m'nyumba mwake opanda ntchito, uzipempha ya sopo utagwada. Ganiza wekha. Ndani mwa amuna faifi aja anali ndi chibwenzi cha namwino?"

Reuben anabwera m'mawa mwake n'kuima pa mpanda. Damaris anamufunsa kamodzi kokha.

"Unakweza dzanja kapena sunakweze?"

"Damaris, ndinalumbira. Sindinganene. Ndikhulupirire chabe."

Damaris anavula wotchi imene Reuben anamugulira n'kuipachika pa waya wa mpanda. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, ndikumva zonse, ndikusankha kapenta.

Akazi a pa kiliniki anamaliza ntchito yotsala. Tsiku lililonse Reuben ankapeza ndowa ya mabandeji akuda ili pa desiki yake. Palibe ankamuyankha moni. Patatha masabata atatu anasiya ntchito n'kupita ku Kitwe. Ine ndinagona tulo tabwino.

5

M'mawa wina ndinamupeza Damaris atagwira mpopi, akusanza. Ndine mayi, sindinafunse ngati ndi malungo.

"Miyezi ingati?"

"Inayi."

Ndinamumenya mbama. Sanalire.

"Tinali titalankhula kale ndi abambo a parishi," anatero. "Mfundo ikanadutsa Loweruka, Lamlungu akanalengeza ukwati, makina kapena opanda makina. Tinatopa nanu, amama."

Koma ine ndine munthu wosavomera kuluza.

"Palibe adziwe. Tiona chochita."

Chochita changa chinali ichi. M'mawa uliwonse asanavale yunifomu ndinkatenga chitenje n'kumumanga pamimba, ine kukoka uku, iye atagwira chitseko. Ndinkakoka mmene ndimakokera chingwe cha thumba la kapenta, bondo langa pamsana pake. Ankati, "Amama, sindikupuma," ine n'kumati, "Upuma ukaweruka." Mdzukulu wanga anali mkati mmenemo. Ndinkamufinya chifukwa cha mpopi ndi babu.

Zinatha masabata sikisi. Tsiku la sikelo ya ana, kukutentha, anagwa pansi pamaso pa amayi onse. Metironi anadula chitenje chija ndi sizasi, n'kuchinyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Josephine anandiuza kuti pamimba panali mizere yakuda.

Kalata inabwera Lolemba. Ntchito yatha. Nyumba tituluke pasanathe masiku fotini.

6

Tsiku lotuluka katundu anali panja, ngati ku Kitwe kuja, aneba ali m'mipanda. Tinkadikira lole ya makala imene ndinagwirizana nayo kuti itipititse ku Kawama. Damaris anakhala pa sutukesi yake, mimba ili poyera tsopano.

Ndinamva belu la njinga. Ba Festus. Anali ku Lusaka mwezi wathunthu ku maphunziro a yuniyoni, sankadziwa kanthu. Njinga yatsopano, jombo zatsopano dzuwa likuswa mtengo, phukusi pa keriya.

"Bana Damaris! Mukusamukira ku mayadi osatiuza? Mwayi wanga ndakupezani. Ndakubweretserani yanu."

Anamasula phukusi. Renikoti yakuda ya boma, yonunkha mphira.

"Zikomo, ikani apo, pitani," ndinatero.

"Ndipite bwanji? Sisita Damaris, mukuwadziwa amayi anuwa? Akanakhala mwamuna, bwenzi ali nduna. Zonse tinapata zija ndi nzeru zawo."

"Ba Festus, lole ikubwera."

"Dikirani, mwana amve. Ndinawafunsa pa msika kuti, pa zinayi izi nditaye iti? Ine mumtima ndinkati nditaye ya njinga. Iwo akuti, ayi, mukataya njinga amuna akuphani. Tayani ya akazi. Akazi amalira masiku awiri n'kubwerera kuntchito. Ndinati, nanga mwana wanu amene watha nsapato? Akuti, ameneyo ndi wanga, ndimudziwa, musiyireni ine."

Anaseka yekha, mimba ikugwedezeka.

"Ndipo zinayenda ndendende! Tinaigwira masiku awiri, tikukuwa, tikulumbira. Tsiku lachitatu ndinaisiya ngati ikundipweteka. Anthu a mataye anasaina zitatu zonse akumwetulira. Amene anativuta ndi kamnyamata kanu kaja, Reuben. Kanamenya tebulo, kanalira misozi pamaso pa akuluakulu, akuti bola titaye zonse. Anayi tinakweza manja, iko ayi. Kali kuti masiku ano?"

Ndi pamene anaona mimba. Anayang'ana mapoto, anayang'ana ine, anakwera njinga osatsanzika. Renikoti anaisiya pa matiresi.

Damaris anaima pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana.

"Amama, ndi zoona?"

Ndanamapo pa mtengo wa nsomba moyo wanga wonse, koma apa bodza linakana kutuluka.

"Ndi zoona. Koma za mimba sindinkadziwa. Ndikanadziwa..."

"Za Josephine munkadziwa. Zaka sikisi akudikira. Za akazi onse aja ndinkayenda nawo munkadziwa. Ndipo tsiku lija ndinakhala pabedi ndikufunsa za Reuben, munkadziwa. Munandiyang'ana m'maso."

"Ndinkafuna tisatuluke m'nyumba, mwana wanga."

Anayang'ana katundu ali mbwee pa fumbi.

"Ndiye tatsala m'nyumba, eti?"

Sanakuwe. Bola akanakuwa. Ananyamula sutukesi n'kuyamba kuyenda kulowera ku siteshoni ya mabasi a ku Kitwe. Ndinamutsatira mpaka pa msewu.

"Iwe Damaris! Ndikupatse ya basi!"

Sanacheuke. Lole inafika, ndinakwera ndekha pamwamba pa makala.

7

Reuben anamulandira. Ndinamva kwa anthu kuti anamupeza Damaris ataima pa geti la ofesi ya mgodi kumene iye anapeza ntchito, n'kumulanda sutukesi osafunsa funso. Anakwatirana ku Bulangililo, ku Kitwe komweko, mwana asanabadwe. Ine sanandiitane.

Patatha mwezi amalume aja anafika pa msika ndi ngolo. Anatsitsa makina osokera, a mwendo, atsopano, n'kuwaika patsogolo pa benchi yanga anthu onse akuona.

"Amayi, mwaonjezanso chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye tamaliza. Musadzanene kuti tinatenga mwana wanu mwaulere."

Kusoka sindidziwa. Makinawo ali pakona, ndimaikapo mbale.

Papita zaka zinayi. Mdzukulu wanga dzina lake Priscilla. Ndinamuonapo kamodzi, pa maliro a munthu wa kwathu ku Kitwe, ali patali. Amayenda bwino, ndinayang'anitsitsa miyendo ndi mutu, chitenje changa sichinamupundule. Damaris anandipatsa moni wa mlendo, wa manja awiri, n'kupitirira. Manja amene ndinawaphunzitsa ndi kapenta kuti azibaya jekeseni, lero amachapa matewera basi. Josephine sanakwatiwebe. Amayendabe ndi mapepala a mfundo ija, ndipo akafuna kapenta amadutsa benchi yanga n'kukagula kwa mnzanga wapafupi, wodula, wamchenga.

Ine ndili ku Kawama, chipinda chimodzi chadothi, madzi ndimatunga pachitsime. Chimbudzi ndi chokumba, timagwiritsa mabanja seveni. Ndimaima pamzere m'mawa ndi amuna a eni ake, akamwini a anthu ena, aliyense ndi kachitini kake. Ine amene ndinakana kugawana tcheni ndi munthu mmodzi waulemu.

Inu awerengi, makamaka inu a m'boma amene mumatuma anthu kukakulankhulirani, musamangofunsa kuti mwabwera ndi chiyani. Muzifunsa kuti mwasiya chiyani, ndipo anakuuzani kuti musiye ndani. Ba Festus amandinyansa, ndi jombo zawo. Amuna aja anavina tsiku lija amandinyansa. Koma iwo anangogula. Wogulitsa ndinali ine, ndipo ndinagulitsa ntchito ya mwana wanga, dzina la mnyamata wosalakwa ndi maukwati a akazi amene sanandilakwire kanthu. Ine Bana Damaris, amene sindinaluzepo pa mtengo, zonsezo ndinapereka pa renikoti imodzi.

Mukufuna kudziwa ngati ndinaitaya? Sindinaitaye. Mvula ikayamba pa msika ndimafunditsira thumba la kapenta. Siidontha.